Ndege zikaimitsidwa muli kunja, mupange chani?

Mukukumbuka Novembala 2021? South Africa itangolengeza za Omicron, mtundu watsopano wa Covid-19, Britain inaika maiko pa red list, mndandanda wa maiko omwe anthu ochokerako ankaletsedwa kulowa, pa 28 Malawi, Zambia ndi Mozambique tinalowamonso, America nayo inatseka pa 29, mpaka a Chakwera anati iyi ndi Afrophobia, kusala anthu a ku Africa. Maboma akamakokana chonchi ovutika ndi inu muli ndi tikiti m'manja, ndiye mvetserani.

Choyamba osathamangira kukansela nokha tikiti, dikirani kampani ya ndege ikansele yokha. Ngati ulendo wanu ukuyambira ku Britain kapena ku EU, lamulo limati akubwezereni ndalama pasanathe masiku 7 kapena akupezereni ndege ina, koma mukakansela nokha akhoza kungokupatsani voucha basi, mwinanso osapeza kanthu. Za chipepeso iwalani, makampani a ndege amati mliri si vuto lawo.

Nkhani yake muziiwerenga pa webusaiti ya boma la komwe mukupita, osati za pa WhatsApp za akuti akuti. Ndipo kuzembera kudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi sikuthandiza, Britain inkayang'ana komwe munali masiku 10 apitawo, ndipo amene ankaloledwa kulowa ankalipira £2,285 ya kwarantini ku hotelo, ndalama zowawa zedi.

Viza ikamatha pitani ku imigireshoni isanathe, mutenge imelo ya kampani ya ndege yokansela ulendo wanu ngati umboni. Ngati ulendo si wachangu ingosinthani deti, red list ija inachotsedwa pa 15 Disembala.