Momwe mungadziwire ngati muli pa chiopsezo cha khansa ya m'mabasiketi a mazira

Amayi ambiri akayezetsa khomo la chiberekero ndi viniga uja, anamwino n'kuwauza kuti zili bwino, amabwerera kunyumba akuganiza kuti khansa zonse za amayi zawaphonya. Ayi ndithu. Kuyeza kuja kumangoona khomo la chiberekero basi. Mabasiketi awiri osunga mazira ali m'kati kwambiri, ndipo katemera wa HPV (kachilombo koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero) amene atsikana akubayitsa sateteza khansa ya kumeneko. Njira yoyezera amayi onse osadwala kuti khansayi ipezeke msanga palibenso. Ku Britain anatsatira amayi oposa 200,000 kwa zaka zambiri, ndipo zotsatira za mu 2021 zinaonetsa kuti kuyeza magazi kapena kupanga sikani chaka ndi chaka sikunachepetse imfa. Choncho ntchito yaikulu imayambira kwa inu, musanafike n'komwe pa benchi ya kuchipatala.

Yambani ndi kufufuza kumtundu. Funsani akuluakulu ngati alipo amene anadwala khansa ya m'mabasiketi, ya m'mawere, ya m'chiberekero kapena ya m'matumbo, ndiponso anali ndi zaka zingati. Ku mabanja amene mtundu timawerengera kuchikazi, n'zosavuta kufunsa za amayi ndi agogo okha n'kuiwala azakhali. Musatero, chifukwa chibadwa cholakwika chotchedwa BRCA1 kapena BRCA2 chimadzeranso kwa abambo. Mwa amayi 100 wamba, mmodzi kapena awiri ndi amene amadwala khansayi pa moyo wawo, koma mwa amene ali ndi BRCA1 amafika pafupifupi 40. Ngati anakuuzani kuti malemu azakhali "anangotupa mimba", lembani zomwezo, musatayire kunja.

Kachiwiri, dziyang'aneni nokha. Khansayi imakonda amayi opitirira zaka 50, amene anasiya kusamba, ndipo chiopsezo chimakwerako kwa amene sanaberekepo. Kubereka, kuyamwitsa ndi kutseketsa kumachichepetsa. Mapiritsi olera akamwedwa zaka 5 kapena kuposerapo amachitsitsa pafupifupi ndi theka, koma musakangogula pa famase: amayi a BP yokwera, kapena osuta fodya opitirira zaka 35, mapiritsiwa angawavulaze.

Kachitatu, ndipo apa ndi pamene ambiri amachedwera, werengani masiku amene thupi lavuta. Zizindikiro zake n'zonyozeka: mimba kutupa osaphwa, kukhuta mutangodya mbamu ziwiri zitatu, kupweteka m'chinena, kukodza pafupipafupi. Siketi imayamba kuthina m'chiuno chonsecho nkhope ndi mikono zikuonda. Tengani kalendala muzichonga tsiku lililonse limene mwamva zimenezi. Zikapitirira masiku 12 pa mwezi, siyani kumwa mankhwala a zilonda za m'mimba ogula pagolosale, nyamukani. Mayi amene anasiya kusamba akaona magazi, asadikire n'komwe kalendala.

Pofika kuchipatala chaching'ono, tengani kalendalayo ndi buku lanu la kuchipatala. Musangoti "m'mimba mukundipweteka", chifukwa mzere ukakhala wautali mudzatuluka ndi panado. Nenani kuti zayamba liti, zimabwera kangati, ndiponso ndani anadwala kumtundu. Pemphani kuti akugwireni pamimba, akuyezeni njira ya amayi, ndipo zonse azilembe m'bukumo. Akapeza chotupa kapena madzi m'mimba, mukufunika kalata yopitira kuchipatala cha boma chachikulu kukapanga sikani, kenako kwa madokotala a amayi ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu.

Kumeneko mwina adzayeza magazi pofuna kuona CA-125, chinthu cha m'magazi chimene nthawi zambiri chimakwera munthu akakhala ndi khansayi. Ikapitirira 35 musafulumire kulira maliro, chifukwa imakweranso ndi msambo, pathupi, zotupa wamba za m'chiberekero, matenda a chiwindi, ngakhalenso TB ya m'mimba, imene kuno siisowa ndipo imachizika. Ikakhala yotsika koma zizindikiro zikupitirira, bwererani ndithu.

Kwa amene khansayi yazika mizu kumtundu kwawo, kambiranani ndi dokotala wa amayi za opaleshoni yochotsa mabasiketi ndi machubu odutsamo mazira mukamaliza kubereka. Imeneyi ndiye imateteza kwambiri, ngakhale imasiyitsa msambo nthawi isanakwane. Ndipo ngati mwaganiza zotseketsa, funsani ngati angachotseretu machubu onse m'malo mongowamanga, popeza khansa zambiri za mtunduwu zimayambira kunsonga kwa machubuwo.