Musanalambule kanjira pamalo anu otsetsereka

Anzanga a kuno ku Mzuzu amene mukufuna kanjira kowongolerako miyendo pamalo anu, musathamangire khasu. Dikirani kaye mvula yamphamvu, muvale majombo, mukaone modutsa madzi. Khomanimo zikhomo kuti kanjirako kadzapewe malo amenewo.

Ine poyamba ndinalambula kolunjika kumtunda. Pofika Epulo kanali katasanduka ngalande, dothi lakatondo lija lili tereree, mpaka mwana wanga anagwapo kawiri. Zinandiwawa kwambiri.

Kanjira kazikhotakhota mopingasa chitunda. M'mphepete mwakumunsi dzalani vetiva, mizu yake imagwira dothi zolimba. Mukayenda mapazi ngati 15, kumbani kangalande kopatutsa madzi asanayambe liwiro, poti liwirolo ndi limene limakokolola. Pamwamba thirani utuchi wa paini wochokera kwa ocheka matabwa, matope samata kunsapato.