Akalulu a m'nyumba ndi kutentha kwa Okutobala

Inu amene mukuweta akalulu m'nyumba kuno ku Lilongwe, samalani ndi kutentha kwa Okutobala ndi Novembala, makamaka ngati nyumba yanu ndi yamalata yopanda siling'i. Kalulu satuluka thukuta ngati ife. Kutentha kwa m'thupi mwake kumatulukira m'makutu, ndipo kunja kukatentha kupitirira madigiri 30 akhoza kufa tsiku lomwelo.

Thirani madzi m'botolo lapulasitiki la malita 2, koma lisadzaze, muliike mufiriji usiku kuti madziwo aundane. M'mawa likulungeni m'chitenje chakale n'kuliika pakona pomwe amakonda kugona. Adzalitsamira yekha. Mukhale ndi mabotolo awiri kuti muzisinthanitsa.

Magetsi akazima, mtsuko wadothi wodzaza madzi umathandizanso. Madzi amadutsa pang'onopang'ono m'dothimo n'kumauma, n'chifukwa chake kunja kwa mtsuko kumakhala kozizira. Kaluluyo muzimupukutanso m'makutu ndi kansalu konyowa.

Chonde musamuviike m'madzi: amadzidzimuka kwambiri ndipo ubweya wake suuma msanga. Mukaona kuti akupumira kukamwa, ali lefu osadya, thamangirani naye kwa dokotala wa ziweto.