Kupanga gologolo wouluka wa nsungwi ndi jumbo

Agologolo ouluka a ku Asia ndi North America sakupiza ngati mleme. Amadumpha mumtengo usiku n'kutambasula chikopa chochokera kudzanja mpaka kukakolo, mchira uli chiwongolero.

Kuti ana aone zimenezi, pingasitsani timitengo tiwiri ta nsungwi totalika masentimita 20, mumange pakati ndi ulusi. Kungani kachidutswa ka jumbo pansonga zonse zinayi. Kakakhwefuka, gologoloyo amangogwa ngati chigamba. Matani mchira wapepala wa masentimita 15, kumutu kamwala kakang'ono.

Kwerani pa desiki, mum'kankhe pang'onopang'ono, osagenda. Akagwa chamutu, kamwalako kalemera. Akamatembenuzika, wonjezerani kulemera kutsogolo.

Yeserani m'kalasi ndithu. Mphepo ya mu June kuno ku Dedza ikamusiya padenga.