Kupanga solar ya swimming pool kuti izidziyendetsa yokha

Anthu ambiri amene ali ndi pool pakhomo kuno ku Lusaka, kaya ku Kabulonga, Woodlands, Ibex Hill kapena Chalala uko, amasiya kusambira mu Meyi n'kudzayambanso chakumapeto kwa Seputembala. Tauni yathuyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 ndiye mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, koma masana kumwamba kumakhala kopanda mtambo, dzuwa phwee tsiku lonse. Ndiye chifukwa chake ambiri ayamba kuyala mapaipi akuda kapena mapanelo a pulasitiki padenga kuti madzi azikatenthera kumeneko. Heater ya magetsi musaiganizire nkomwe. Malita 1,000 kuti akwere digiri imodzi chabe amadya mayuniti 1.16, pool ya mamita 8 mulitali, 4 mulifupi ndi 1.5 kuya imanyamula malita 48,000, ndiye kuti mayuniti pafupifupi 56 a ZESCO pa digiri imodzi, werengani nokha.

Vuto limayambira pa nani atsegule valve yotumiza madzi padenga ndipo nthawi yanji. Nyumba zambiri ntchitoyi amangosiyira ba gardener, akafika mmawa atsegule, poweruka atseke, ena amamangirira zonse ku timer ya pampu basi. Koma denga lomwelo limene limatenthetsa madzi masana limawaziziritsanso. Pampu ikayenda 7 koloko mmawa mu Julayi, kapena kukachita mitambo ndi kamphepo kaja, kapena wina waiwala kutseka usiku, madzi akukwera padenga n'kukataya kutentha konse kumene munapeza dzulo. Timer imadziwa nthawi yokha, za nyengo ilibe nazo ntchito. Chimene mukufuna ndi kachipangizo kamene kazifunsa funso limodzi tsiku lonse: kodi padenga patentha kuposa madzi a mu pool? Ngati inde madzi akwere, ngati ayi adutse pansi kubwerera mu pool. Kabokosi kameneka mumashopu a za pool amakatchula differential controller.

Musanagule, yang'anani kaye mapaipi anu. Madzi amachoka mu pool, kulowa mu pampu, kenako sand filter, ndipo solar iyenera kubwera pambuyo pa filter kuti zinyalala zisamakatseke timapaipi ta padenga. Ngati muli ndi chlorinator ya mchere ikhale kumapeto, madzi atatsika kale. Pamene paipi ikuchoka pa filter mpomwe pamakhala valve ya njira zitatu, njira imodzi yopita padenga inayo yobwerera ku pool. Pamwamba pa valve imeneyo mumachotsa chogwirira chija n'kumangapo actuator, kamota kamene kamatembenuza valve, ambiri amayendera 24V AC yochokera mu controller momwemo. Muikenso non-return valve, yoletsa madzi kubwerera mmbuyo, pakati pa filter ndi valve ija ndi ina pa paipi yotsika kudenga, komanso vacuum breaker, kavalve kolowetsa mpweya, pamwamba penipeni kuti pampu ikazima mpweya ulowe madzi atsike bwinobwino, apo bii mapanelo amafinyika. Ndipo denga likhale loyang'ana kumpoto, tili kummwera kwa equator ife, mavidiyo ambiri a pa YouTube amanena south chifukwa ndi a ku America. Kukula kwa mapanelo kuyambire theka la pamwamba pa pool, ofuna kusambira mu Julayi afikitse kukula kwa pool yonse.

Manje masensa, apa mpomwe ambiri ntchito imawathera. Amakhala awiri. Ya madzi mumaboola kabowo pa paipi pakati pa pampu ndi filter n'kuimanga ndi clamp, ikhale pamthunzi, chifukwa ikawombedwa ndi dzuwa izinama kuti pool yatentha kale. Dziwaninso kuti imawerenga zoona pokhapokha madzi akuyenda, pampu ikaima ikungowerenga madzi ogona mu paipi. Ya padenga ikhale pambali pa mapanelo, yopendekeka ngati iwo, yowombedwa ndi dzuwa lomwelo ndi mphepo yomweyo. Ba plumber ena amakonda kuibisa pansi pa panelo kapena kuigoneka pa lata ati kuti isawonongeke, musalole. Lata limatentha msanga kuposa panelo ya madzi ndiye controller izitsegula nthawi isanakwane. Muonenso mtengo wa mango kapena thanki ya borehole ngati sizikuponya mthunzi pa sensa yokhayo madzulo pamene mapanelo akadali padzuwa. Waya wa sensa upite mu conduit, paipi ya mawaya, yakeyake, osati kuumanga pamodzi ndi waya wa 230V wa pampu, manambala amayamba kudumphadumpha.

Manambala oika mu controller ndi atatu basi. Itsegule padenga pakatentha kuposa pool ndi madigiri 4, itseke kusiyanako kukatsika kufika pa 1.5 kapena 2, ndipo isiye kutenthetsa pool ikafika pa 28. Malire otsegulira ndi otsekera asakhale nambala imodzi, mukatero kamtambo kalikonse kakadutsa valve izingotembenuka uku ndi uku mpaka kamota katapsa. Ngati controller yanu ili ndi poikira nthawi yodikira, ipatseni mphindi 5. Ina imathanso kuyatsa pampu yokha dzuwa likakwana ngakhale timer sinafike, imeneyo ndiye yabwino, koma pampu ya 0.75 kW musailumikize ku ka relay, kaswichi ka mkatimo, mwachindunji pokhapokha buku lake likuvomereza, idutse pa contactor, swichi yaikulu yopirira magetsi ambiri. Mbali ya magetsiyi itanani electrician wa mapepala ndipo pa DB, bokosi la ma breaker, pakhale earth leakage ya 30 mA, chozimitsa magetsi akayamba kutayikira, paja pomwepo pamasewera ana onyowa opanda nsapato.

Amene mumakonda kusewera ndi mawaya mutha kudzipangira nokha controller ndi ESP32, kakompyuta kakang'ono ka Wi-Fi, masensa awiri a DS18B20 aja osalowa madzi, resistor ya 4.7k ndi relay, kenako kulumikiza ku Home Assistant, pulogalamu yoyendetsera zipangizo za mnyumba, muziona ma graph pafoni muli ku ofesi. Zimakoma ndithu kuona madzi akukwera digiri ndi digiri. Langizo langa ndi loti lamulo lotsegula ndi kutseka likhale mu ESP32 momwemo, lisamadalire Wi-Fi kapena intaneti, router ikazima kabokosi kapitirize ntchito yake. Foni ikhale yongoonera.

Nkhani ya malaiti siingadumphidwe. Chilala cha 2024 chinatsitsa madzi ku Kariba mpaka tinkakhala maola ambirimbiri opanda magetsi, ndipo aliyense wa timer yozungulira ija anaona mmene imasokonekera, magetsi akapita maola 8 nayo imatsalira maola 8, kenako pampu ikuyenda pakati pa usiku. Ngati valve inali yotsegula pamene malaiti amapita, ndiye kuti usiku wonse madzi akukazizira padenga. Choncho gulani timer ya digital ya batire mkati, ndipo muyese controller yanu: zimitsani pa DB valve ili yotsegula, dikirani kude, yatsaninso muone ngati ikutseka yokha. Chinanso, malaiti akapita masana madzi otsalira mu mapaipi akuda amatentha kwambiri, amatha kupitirira madigiri 60, ndiye akabwerera madzi oyamba otuluka pa jet, pobwerera madzi mu pool, amaotcha. Ana asakhale pafupi ndi jet nthawi imeneyo, ndipo paipi ya PVC yopyapyala imafewa ndi kutentha kotero, pafupi ndi mapanelo ikani yokhuthala.

Ine pa zonsezi ndimakonda njira ina, makamaka ngati mukuyamba kumene. Siyani pampu yaikulu izigwira za filter, solar muipatse kapampu kake ka DC koyendera panelo ya magetsi a dzuwa yakeyake. Dzuwa likatuluka kamayenda, likalowa kamaima, ZESCO alipo kaya palibe. Actuator simufunanso. Komabe ka controller ka 12V koyatsa ndi kuzimitsa kapampuko muikepo ndithu, chifukwa mmawa wa mu Julayi kuwala kumakwana kuyendetsa pampu denga likadali lozizira, ndipo mu Okutobala mudzafuna choimitsa madzi akafika 28. Ingoonetsetsani kuti kapampuko kali ndi mphamvu yokweza madzi kufika pamwamba pa denga lanu, ndipo kali ndi kasefa kake polowera madzi.

Mukamaliza yesani chonchi, masana dzuwa lili pamutu. Kwerani ndi kapu ya madzi a ayezi mumizemo sensa ya padenga, valve itseke. Ichotseni iume padzuwa, itsegule. Kenako gwirani madzi obwerera pa jet, ayenera kungofunda pang'ono, madigiri 2 kapena 3 kuposa a mu pool. Ambiri amasangalala akamva madzi otentha kwambiri ati solar ikugwira, pamene zikutanthauza kuti madzi akuyenda pang'onopang'ono ndipo kutentha kwambiri kukuthawira mumphepo padenga pomwepo. Zikatero chitani backwash, kutsuka filter poyendetsa madzi mobwerera, kapena tsegulani valve mokwanira kuti madzi achuluke.

Cover ndiye musaiwale, controller singakufundireni. Kutentha kwambiri kwa pool kumathawa ndi nthunzi usiku, makamaka mu Ogasiti ndi mphepo youma ija, ndiye bubble cover ija ya buluu ifundidwe madzulo aliwonse, iyi ndiye ntchito yowasiyira ba gardener. Madzi a maborehole ambiri kuno ali ndi laimu chifukwa cha miyala ya pansi pa Lusaka, choncho pH isamapitirire 7.6 kuti timapaipi ndi sensa zisamange zoyerayera zija. Mvula ikayandikira mu Novembala ikani surge protector, choteteza magetsi akakwera mwadzidzidzi, pa controller, chifukwa waya wautali wopita padenga umatola mphamvu ya mphenzi ngakhale yagwera kutali, ndipo sungani sensa ina ya sipeya mu pump house chifukwa imeneyo ndiyo imayamba kufa.