Mukadzuka Thupi Litauma: Zoyenera Kuchita

Maso atseguka, mukumva zonse, koma dzanja likukana kusuntha ndipo pachifuwa pakulemera. Ambiri amathamangira kuganiza za afiti, madokotala amati sleep paralysis. Tikamalota m'gawo la tulo lotchedwa REM, ubongo umazimitsa minofu kuti tisachite zimene tikulotazo. Nthawi zina maganizo amadzuka minofu isanamasuke. Zimatha zokha pa masekondi kapena mphindi zochepa.

Musalimbane nazo, mantha amangokulitsa zithunzi zoopsa zimene ena amaona panthawiyi. Pumani pang'onopang'ono, mpweya sunatsekeke. Kenako yesani kugwedeza chala chimodzi chakuphazi kapena kuphethira mwamphamvu. Thupi likamasuka, khalani tsonga kaye, chifukwa kugonanso pomwepo kungazibweretsenso.

Popewa, gonani maola 7 mpaka 9, cham'mbali osati chagada. Zikamachitika pafupipafupi, masana n'kumangogwa ndi tulo, pitani kuchipatala akakuyezeni matenda a narcolepsy, ogwetsa munthu m'tulo mwadzidzidzi.