Momwe mungapezere mapiritsi olera a pangozi popanda kuwononga ndalama zambiri

Kondomu ikang'ambika, mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku akaiwalika kwa masiku angapo, kapena tsiku la jakisoni likapitirira kwambiri, mayi amene sakufuna kutenga pakati amakhala ndi masiku asanu okha oti achitepo kanthu. Mapiritsi olera a pangozi amagwira ntchito pochedwetsa dzira kuti lisatuluke, ndipo sachotsa mimba imene yakhazikika kale, choncho ola lililonse limene likudutsa limachepetsa mwayi woti athandize. Pa chifukwa chimenechi, pofufuza kotsika mtengo musalole kuti kufufuzako kukudyereni tsiku lonse.

Choyamba, werengani maola kuchokera pa nthawi imene munagonana mosadziteteza. Mapiritsi amene amapezeka kwambiri m'Malawi muno ndi a levonorgestrel, omwe amabwera ngati piritsi limodzi la 1.5 mg kapena awiri a 0.75 mg, ndipo awiriwo mutha kuwamwa nthawi imodzi. Amathandiza kwambiri akamwedwa pasanathe maola 72, ngakhale kuti bungwe la World Health Organization limavomereza kuwamwa mpaka maola 120. Ngati masiku atatu adutsa kale, funsani za lupu ya kopa (kachipangizo kolera koikidwa m'chiberekero), chifukwa ikaikidwa pasanathe masiku asanu imateteza koposa 99 pa 100 iliyonse, ndipo imakhalabe njira yanu yolera kwa zaka zambiri.

Mukadziwa nthawi imene yatsala, yambirani kumene simulipira. M'zipatala za boma, kuyambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu mpaka zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, chithandizo cha kulera n'chaulere. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala, pitani ku chipinda cha zakulera, ndipo uzani namwino mosabisa tsiku ndi nthawi imene zinachitika kuti asakuikeni pamzere wa anthu amene angathe kudikira. Achinyamata afunse za malo othandizirako achinyamata, omwe zipatala zambiri zili nawo. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limalamula ogwira ntchito zachipatala kupereka njira zolera kwa aliyense wozifuna, kaya ali pabanja kaya ayi, ndiponso kaya wabwera ndi mwamuna wake kaya wabwera yekha, kotero palibe chifukwa chopita mwamantha ngati mukukapempha chisomo.

Vuto la zipatala za boma timalidziwa tonse: mankhwala nthawi zina amatha, ndipo chipinda cha zakulera m'malo ambiri sichitsegulidwa usiku kapena Lamlungu. Zikatero, yesani zipatala za Banja La Mtsogolo kapena za Family Planning Association of Malawi, zomwe ntchito yake yaikulu ndi yomweyi. Za zipatala za mishoni zomwe zili pansi pa CHAM, dziwani kuti zimalipiritsa, ndipo zina, makamaka za mpingo wa Katolika, sizipereka njira zolera zamtunduwu chifukwa cha chiphunzitso cha mpingo, choncho ndi bwino kufunsa musanalipire ndalama ya minibasi kapena kabaza.

Tsopano tifike pa inshuwalansi, pomwe anthu ambiri ogwira ntchito amataya nthawi. Kukhala ndi khadi la MASM kapena la bungwe lina lililonse sikutanthauza kuti mankhwala onse alipiridwa, chifukwa zimene bungwe limalipira zimatengera sikimu imene inu kapena abwana anu anasankha. Musanatuluke m'nyumba, imbani nambala imene ili pa khadi lanu ndipo mufunse zinthu zitatu: ngati sikimu yanu imalipira njira zolera kuphatikizapo mapiritsi a pangozi, ngati pakufunika kalata ya dokotala kuti alipire, ndiponso famase yapafupi imene ili pa mgwirizano ndi bungwelo. Funso lachiwirili ndi lofunika kwambiri. Ngati sikimu ikufuna kuti muyambe mwaonana ndi dokotala, ndipo inu mukuyenera kuwonjezera ndalama ina pa kuonanako, werengani bwino, chifukwa mwina zonsezo pamodzi zingapose mtengo wongogula piritsilo ndi ndalama za m'thumba. Ngati mwalipira nokha pa famase imene siili pa mgwirizano, pemphani lisiti lolembedwa dzina la mankhwala ndi tsiku, ndipo mufunse ku bungwelo ngati limabweza ndalama zotere.

Pali nkhani ina imene ambiri saiganizira mpaka itawadzidzimutsa. Ngati muli pa khadi la makolo anu kapena la mwamuna wanu, mwini khadiyo angathe kuona mndandanda wa zimene zalipiridwa m'dzina lanu. Amene sakufuna kuti zimenezi zidziwike angachite bwino kupita ku chipatala cha boma kapena kulipira yekha, ndipo ine sindingamunene kuti wawononga ndalama.

Pa famase, musafunse dzina la mtundu umodzi wokha. Anthu ambiri amadziwa Postinor-2 ndipo amangotchula dzinalo, koma mankhwala ake ndi levonorgestrel yemweyo amene ali m'mitundu ina yotchipa. Nenani kuti mukufuna levonorgestrel wa 1.5 mg, funsani mitundu yonse imene ilipo ndi mitengo yake, kenako sankhani wotsika mtengo. Onetsetsani kuti famaseyo ili ndi chiphaso cha bungwe loona za mankhwala la PMRA, kuti paketi siinatsegulidwe, ndiponso kuti tsiku lothera mphamvu silinafike. Mapiritsi a pamsika, a m'golosale kapena otsatsidwa pa WhatsApp ndi Facebook asiyeni ngakhale atatchipa chotani, pakuti simungadziwe chimene chili m'kati mwake kapena kuti akhala padzuwa nthawi yaitali bwanji.

Musanalipire, uzani wogulitsa mankhwalayo za mankhwala ena amene mukumwa. Mankhwala a TB a rifampicin, mankhwala ena a khunyu monga carbamazepine ndi phenytoin, komanso ma ARV okhala ndi efavirenz amachepetsa mphamvu ya levonorgestrel, ndipo pa anthu otere achipatala amalangiza lupu kapena kumwa mlingo wowirikiza kawiri. Anthu ambiri a pa ma ARV m'dziko muno anasinthidwa kupita pa mankhwala okhala ndi dolutegravir kuyambira mu 2019, omwe alibe vuto limeneli, komabe onetsani kabuku kanu m'malo mongoganizira.

Imwani piritsilo nthawi yomweyo. Mukasanza pasanathe maola awiri, muyenera kumwa lina. Mseru, mutu, kapena kutaya magazi pang'ono zimachitika ndipo zimatha zokha. Piritsili silitetezanso pa kugonana kwa masiku otsatira, choncho gwiritsani ntchito kondomu kapena yambani njira yokhazikika, yomwe kuchipatala cha boma mutha kuilandira tsiku lomwelo. Msambo ukachedwa kupitirira sabata imodzi, kayezetseni ngati muli ndi pakati, ndipo mukamva kupweteka kwambiri m'munsi mwa mimba, thamangirani kuchipatala.

Ngati munagwiriridwa, kapena simukudziwa ngati mnzanuyo ali ndi HIV, musathere pa famase. Pitani ku chipatala cha boma, kapena ku One Stop Centre (malo othandizirako anthu ochitiridwa nkhanza) kumene ilipo, chifukwa mapiritsi olera sateteza ku matenda opatsirana pogonana, ndipo mankhwala a PEP oteteza ku HIV ayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Kumeneko mudzalandira zonse ziwiri mwaulere.